Njinga Ikakana Kulira, Tisathamangire Sipanala

Kale njinga yamoto ikamveka m'mudzi, anthu ankadziwa kuti kwabwera mlangizi wa zaulimi kapena wa zaumoyo. Masiku ano mlimi amene wagulitsa bwino soya, nshawa kapena mpendadzuwa amatha kugula yakeyake, ndipo makopaletivu ambiri kuno kum'mawa ali nayo imodzi yoyendera atsogoleri awo. Njingazi zimanyamula mbewu ndi feteleza, zimathamangitsa katemera wa cideru asanathe mphamvu, zimakaitana dokotala wa ziweto ng'ombe ikagwidwa ndi cigodola, ndipo usiku zimaperekeza wodwala ku cipatala. Koma aliyense woyenda m'maboma a Chipata, Katete, Petauke, Chadiza ndi Lundazi waonanso mbali ina ya nkhaniyi: njinga zoyedzamira khoma kuseri kwa nyumba, matayala ataphwa, nkhuku zitasandutsa cishalo cake pogona. Mukafunsa cimene cinavuta, yankho limafanana paliponse: inangokana kulira.

Maganizo athu pa nkhaniyi ndi awa. Zambiri mwa njinga zimenezi zinayamba ndi vuto laling'ono, monga pulagi yakuda, madzi m'petulo kapena sefa yodzala fumbi, ndipo zinatsirizidwa ndi manja ofulumira amene anamasula zosafunika kumasula ndi kugula zosafunika kugula. Conco tikuti aliyense wolandira kiyi wa njinga, makamaka ya gulu, ayenera kudziwa kufufuza vuto mwadongosolo, kuyambira pa zosavuta ndi zosadya ndalama, ndiponso ayenera kudziwa polekezera. Gulu limene limapereka kiyi kwa munthu wosadziwa zimenezi likuseweretsa ndalama za mamembala ake.

Ife alimi dongosolo lotere timalidziwa kale kumunda. Mlimi wanzeru akaona cimanga cikucita cikasu sathamangira kuthiramo thumba lina la urea. Amayamba wazungulira munda, kuona ngati muli kaufiti, ngati madzi adikha m'mizere, kapena ngati mbozi zadya kumtima. Akathira feteleza osafufuza, ndalama zapita ndipo cimanga cikhala momwemo. Injini imafuna mtima womwewo, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Zinthu zinayi zimene injini imafuna

Injini ya njinga ilibe cinsinsi. Mtundu umene uli m'njinga zambiri zoyenda m'misewu yathu yafumbi, monga Honda XL125, Yamaha AG200, Bajaj Boxer ndi TVS HLX, umatsata njira imene Nikolaus Otto wa ku Germany anaikhazikitsa m'caka ca 1876. Pisitoni ikatsika imakoka mpweya wosakanikirana ndi petulo; ikakwera imaupanikiza; pulagi imathetheka moto ndipo kuphulikako kumakankhira pisitoni pansi; ikakweranso imatulutsa utsi. Njinga zina, monga Yamaha AG100 ndi DT125, zimacita zonsezi m'maulendo awiri okha a pisitoni ndipo zimatentha oilo wa 2T pamodzi ndi petulo, koma zofuna zake n'zomwezo. Mayi aliyense wosonkha moto amadziwa zitatu mwa izo: nkhuni, mpweya ndi khala loyatsira. Mu injini nkhuni ndi petulo, khala ndi moto wa pulagi. Cacinayi amacidziwa aliyense amene anapopapo tayala la njinga yopalasa: pampu yotha cikopa siikankha mpweya ngakhale mutaipopa tsiku lonse. Injini nayo ikaleka kupanikiza siilira. Njinga yokana kulira yasowa cimodzi mwa zinayizi, ndipo nchito yathu ndi kupeza cimeneco.

Tisanagwire citsulo ciliconse, tiyambe tafunsa cimene cinacitika njinga isanakane. Ngati inazima mwadzidzidzi monga nyali imazimira, tikayikire mbali ya magetsi. Ngati inayamba yatsamwatsamwa, kudukiza, n'kumazilala pang'onopang'ono, tikayikire petulo. Ngati yakhala m'nyumba miyezi iwiri osaliza, tiganizire petulo wokalamba ndi batire. Ngati inagwa cammbali, mwina petulo wasefukira mkati. Ngati yangowoloka kumene mtsinje kapena yangotsukidwa, madzi ndiwo oyamba kuwaganizira. Mafunso amenewa sadya ngakhale ngwee imodzi, koma amafupikitsa nchito yotsatira.

Kenako tione tinthu tapoyera timene anthu amacita nato manyazi kutichula. Kodi kiyi wapotoledwa mpaka pamalo pake? Kodi swichi yofiira yozimitsira injini, ya pa cigwiriro ca kumanja, sinakanikizidwe ndi ana osewera kapena ndi thumba limene linanyamulidwa dzulo? Kodi mpopi wa petulo uli pa ON, kapena unatsekedwa usiku? Njinga zina sizilira zikakhala m'giya kilachi isanagwidwe, ndipo zina zimazima sitandi ya m'mbali ikakhala yotsika. Choki nayo ili ndi nthawi yake. M'mamawa wa Juni ndi Julayi petulo sasanduka nthunzi msanga, motero injini yozizira imafuna choki. Injini yotentha ikapatsidwa choki imamira m'petulo. Amene ali ndi njinga yoliza ndi batani asakanikize kupitirira masekondi 5 nthawi imodzi, apumitse pang'ono asanayesenso, kuopa kutha batire asanapeze vuto.

Petulo

Zapoyerazo zikakhala bwino, tiyambe ndi petulo, cifukwa ndiye wosavuta kumuona. Gwedezani njinga mumve ngati m'thanki muli kanthu. Kusuzumiramo ndi lawi la moto n'kudziitanira imfa. Tsekani mpopi, zulani paipi pamene yalowa mu kabureta, ilowetseni m'botolo louma looneka mkati, ndipo tsegulani mpopi. Petulo ayenera kutsika mosadukiza. Akamadontha, tsegulani civundikiro ca thanki. Mukamva mpweya ukulowa ndipo petulo n'kuyamba kuyenda, ndiye kuti kabowo kopumira ka pa civundikiroco katsekeka ndi fumbi. Akapanda kusintha, kasefa ka m'mpopi kapena ka pa paipi kadzala zinyalala.

Petulo wa m'botoloyo musafulumire kumubwezera. Muikeni pansi akhazikike. Lita imodzi ya petulo imalemera pafupifupi magalamu 740 pamene ya madzi imalemera magalamu 1,000, motero madzi sasakanikirana naye koma amatsikira pansi n'kuoneka ngati mikanda. M'thanki zimacitikanso cimodzimodzi, ndipo n'cifukwa cake njinga zambiri zimazima mpopi ukangopotoledwa kupita pa RES, pamene petulo amatengedwa pansi penipeni pa thanki. Pansi pa kabureta pali kasikuluwu kokhetsera. Kamasuleni pang'ono, zotulukazo zigwere m'kacitini, mpaka patuluke petulo woyera, kenako kamangeni. Nchito imeneyi siifuna kutsegula kabureta.

Pano tiyenera kunena mosabisa za petulo wa m'mabotolo. Malo ogulitsira mafuta amene ali ndi cilolezo ca Energy Regulation Board ali pa boma ndi m'mbali mwa misewu ikuluikulu, kutali ndi midzi yambiri, ndipo tikudziwa kuti mtunda umakakamiza anthu kugula pamene apeza. Koma cigubu cimene dzulo munali madzi, palafini kapena dizilo cimasiya zake m'petulo, ngakhale wogulitsayo alibe mtima wacinyengo. Amene angathe adzaze thanki ku malo ovomerezeka nthawi zonse akapita ku boma. Amene wakakamizika kugula wa m'botolo alikweze botololo padzuwa aone pansi pake, asathire madontho otsiriza, ndipo asefe ndi kansalu koyera.

Petulo amakalambanso. Akakhala nthawi yaitali m'kabakuli ka kabureta, mbali yake yopepuka imauluka ndipo pamatsala zomata ngati ulimbo. Kajeti kamene kamadyetsa injini poliza kali ndi bowo losafika theka la milimita, ndipo ulimbo wocepa ndithu umalitseka. Vuto limeneli limapewedwa mosavuta: njinga ikati ikhale milungu yambiri, monga dzinja misewu ikaduka, tsekani mpopi, ilekeni ilire mpaka izime yokha, kapena khetsani kabakuliko.

Nthawi zina petulo amaculuka mopitirira. Njinga ikagwa, kapena munthu akaponda kiki kambirimbiri choki ili cikokere, pulagi imanyowa ndipo fungo la petulo limamveka. Apa kupitiriza kuponda ndi choki kumangowonjezera vuto. Bwezani choki, tsekani mpopi, potolani cowonjezera moto mpaka kumapeto n'kucigwira pomwepo, ndipo pondani kasanu kapena kakhumi kuti mpweya wambiri uumitse mkati. Ikayamba kulira, bwezani dzanja msanga ndi kutsegula mpopi.

Moto

Petulo akakhala kuti akufika, ticotse pulagi. Pukutani dothi lozungulira kuti lisagwere mkati, ndipo gwiritsani sipanala yake ya pulagi. Nsonga ya pulagi imanena zambiri kwa wodziwa kuiwerenga. Ikakhala youma, yotuwa mofiirira ngati makoko a nshawa, injini ikuyaka bwino. Ikakutidwa ndi mwaye wakuda wouma, petulo akuculuka kuposa mpweya, ndipo kawirikawiri wolakwa ndi sefa ya mpweya kapena choki yoiwalika. Ikakhala yakuda yonyowa ndi oilo, oilo akulowa kumene sayenera kulowa. Ikanyowa ndi petulo, petulo akufika koma sakuyaka. Ikakhala youma gwa pambuyo poponda kambiri, petulo sakufika konse, ndipo tibwerere ku mbali ya kabureta.

Poyesa moto, bwezerani pulagi m'cipewa cake, gunditsani mbali yake yacitsulo pa citsulo ca injini kutali ndi bowo limene yacokera, ndipo wina aponde kiki kiyi atatsegula. Citani izi pamthunzi, pamalo pamene sipanatayikire petulo, mutagwira mphira wa cipewa ndi dzanja louma, pakuti mphamvu yodutsa pamenepo imapitirira mavoti 10,000. Moto wabwino ndi wobiriwira ngati thambo ndipo umamveka kuthetheka. Wofiira, wofooka kapena wodumphadumpha sungathe kuyatsa mkati mopanikizidwa. Mpata wa pa nsonga ya pulagi pa njinga zambiri zing'onozing'ono ndi mamilimita 0.6 mpaka 0.7, ndipo kabuku ka njinga yanu kamachula mpatawo ndi nambala ya pulagi yoyenera. Njira yacidule yodziwira ngati pulagi yafa ndi kuyesa ina yatsopano. N'cifukwa cake timalimbikira kuti pulagi yapadera isasowe pa njinga.

Pulagi yatsopano ikapandanso moto, londolani waya ndi maso ndi zala. Onani ngati cipewa sicinang'ambike kapena kulowa madzi, ngati polumikiza mawaya sipanasololoke ndi mabampu, ndiponso ngati makoswe sanatafune waya, zimene zimacitika njinga ikamagona m'cipinda cosungira cimanga. Fyuzi ikapsa, ikanipo ina ya nambala yomweyo. Kuimanga ndi waya kapena ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya n'kucotsa mlonda pakhomo, ndipo tsiku lina mawaya onse adzapsa. Batire ya mavoti 12 ikadzala imaonetsa pafupifupi 12.6 pa mita. Hutala yofooka ndi nyali yofiirira zimasonyeza kuti yatsika, ndipo zoyera zomera pa mitu yake ziyenera kupalidwa. Njinga zambiri zimalira ndi kiki ngakhale batire itafooka, popeza moto wake umacokera ku magineto, koma zina zimadalira batire. Pobwezera pulagi, yambani mwaipotola ndi zala mpaka ikhale, kenako mumange pang'ono ndi sipanala. Mutu wa injini ndi wa aluminiyamu wofewa, ndipo pulagi yolowa mopendama imadya mazinga ake, vuto la ndalama zambiri kuposa limene munayamba nalo.

Mpweya ndi madzi

Mpweya timauiwala cifukwa sitiugula. Komatu injini imaumwa wambiri zedi. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya, kutanthauza kuti lita imodzi ya petulo imafuna malita a mpweya pafupifupi 9,000, ofanana ndi madiramu 45 a malita 200. Mpweya wonsewo umadutsa pa kasefa kosaposa cikhato, ndipo kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala umabwera ndi fumbi la msewu. Sefa ikatsekeka, injini imakoka petulo wambiri, pulagi imada, ndipo m'mawa wina njinga imakana. Sefa ya siponji icapidwe ndi palafini kapena madzi a sopo, ifinyidwe mosapotokola, iume ndithu, kenako ipakidwe oilo pang'ono amene amagwira fumbi. Ya pepala siicapidwa ndipo siipakidwa oilo. Imagugudidwa mosamala, ndipo ikada kwambiri imasinthidwa. Ena amaicotseratu poona kuti njinga yayamba kulira. Kutero n'kudyetsa injini mcenga, umene umapala maringi ndi silinda mpaka kupanikiza kutatha.

Dzinja mdani ndi madzi. Njinga ikazima pakati pa mtsinje kapena m'dambo, musaponde kiki. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndipo akakhala pamwamba pa pisitoni, kuikakamiza kungapinde mkono umene umaigwira. Kankhirani njinga kumtunda, tsegulani bokosi la sefa mukhuthule madzi, cotsani pulagi, zimitsani kiyi, ndipo pondani pang'onopang'ono madzi atuluke pa bowolo. Khetsani kabakuli ka kabureta, umitsani pulagi ndi cipewa cake. Kenako onani oilo. Akaoneka wotuwa ngati tiyi wamkaka, madzi alowa, ndipo ayenera kusinthidwa njinga isanayende ulendo.

Kupanikiza, ndi polekezera pathu

Petulo, moto ndi mpweya zikakhala bwino koma njinga n'kukanabe, tatsala ndi kupanikiza. Phazi limene limaponda kiki tsiku ndi tsiku limadziwa kulimba kwake. Kiki ikayamba kutsika mopepuka, mpweya ukuthawira kwina. Pulagi itacotsedwa ndipo kiyi atazimitsidwa, tsekani bowo lake ndi cala cacikulu, wina aponde. Injini yamoyo imakankha calaco mwamphamvu. Ikalephera, mwina mavalavu athina ndipo sakutseka bwino, mwina maringi atha, mwina gasiketi yapsa. Mpata wa mavalavu pa njinga zambiri zotere umayezedwa m'tizigawo ta milimita, injini ili yozizira, ndi kacipangizo kake koyezera. Maso sangathe kuuyeza.

Apa ndipo pamene mwini njinga ayenera kuimika manja. Kutsegula mutu wa injini, kuyeza koilo, CDI ndi magineto, ndi kuphwasula kabureta ndi nchito ya makanika amene anaiphunzira ndipo ali ndi zida zake. Tikuletsanso mwamphamvu zizolowezi ziwiri. Coyamba ndi kupotola masikuluwu a pa kabureta mongoyesa. Njinga imene dzulo inkalira bwino sinasinthe yokha masikuluwu usiku, ndipo wowapotola wawonjezera vuto laciwiri pamwamba pa loyamba. Caciwiri ndi kutokosa majeti ndi singano kapena waya, kumene kumakulitsa bowo mpaka kalekale, njinga n'kuyamba kumwa petulo mosadziwika bwino. Pali njinga zatsopano zina zopanda kabureta, zimene zimapopa petulo ndi magetsi. Pa zimenezo mwini aone batire, fyuzi, pulagi ndi sefa, achere khutu ngati pampu ikulira pang'ono akatsegula kiyi, ndipo zotsala asiyire odziwa.

Zimene ena anganene

Ena adzati zonsezi ndi nchito ya makanika, mlimi alime. Timalemekeza amakanika, ndipo tanena kale nchito zimene ndi zawo. Koma makanika ali pa boma kapena pa msika, pamene njinga imakana kulira kumunda, kutali ndi msewu, dzuwa litapendeka. Kuinyamula pa ngolo kapena kulipira galimoto cifukwa ca pulagi yakuda n'kutaya tsiku la nchito ndi ndalama zimene zikanagula mbewu. Ndiponso mwini njinga amene wafufuza mwadongosolo amafika kwa makanika ndi mawu omveka: petulo akufika, moto ulipo, sefa ndi yoyera, koma kiki yapepuka. Makanika woona mtima amakondwera ndi mawu otere cifukwa amufupikitsira nchito. Amene amazolowera kusintha zipangizo cimodzicimodzi mpaka njinga italira, mlimi akulipira ciliconse, ndiye yekha angadandaule.

Ena adzati munthu wodziwa pang'ono ndiye amawononga kwambiri, ndipo ndi bwino kuletsa okwera kugwira ciliconse. Nkhawa imeneyi ndi yomveka, pakuti njinga zowonongeka ndi manja a eni ake zilipo. Koma lamulo loletsa silimugwira munthu amene watsala yekha m'chire usiku ukuyandikira. Adzamasula ndithu, ndipo popeza sanaphunzitsidwe, adzayambira pa colakwika. Maphunziro abwino amamuuza zoyenera kuona, dongosolo lake, ndi malire ake. Pa zonse tafotokoza pamwambapa, cimene cacotsedwa pa njinga ndi paipi ya petulo, pulagi ndi sefa basi, zinthu zimene timabuku ta opanga njinga timayembekezera kuti mwini azisamalira. Amene njinga yake ikali pa citsimikizo ca wogulitsa awerenge zimene anagwirizana, ndipo asapitirire pamenepo.

Maganizo amenewa anayesedwapo kale ndi ena. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Barry Coleman ndi Andrea Coleman a ku Britain, pamodzi ndi katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto Randy Mamola, anaona kuti njinga ndi magalimoto operekedwa ku nchito zaumoyo mu Africa zinkafa msanga cifukwa cosowa cisamaliro ndi tizipangizo tochipa. Anayambitsa bungwe la Riders for Health, limene lagwirapo nchito m'maiko monga Lesotho, Zimbabwe, Gambia, Malawi ndi kuno ku Zambia. Maziko a njira yawo ndi akuti wokwera aliyense aphunzitsidwe kuyendera njinga yake tsiku lililonse asananyamuke, kuona petulo, oilo, cheni, manati, mabuleki ndi matayala, ndipo makanika azibwera pa nthawi yoikika njinga isanawonongeke. Ngati anamwino ndi alangizi a zaumoyo anatha kuphunzira zimenezi, mlimi amene amakonza yekha pulawo, ngolo ndi pampu yopopera mankhwala sangalephere.

Zimene tikupempha magulu

Walira mvula walira matope. Kopaletivu kapena kilabu imene yagula njinga, kapena kuilandira ngati mphatso, yalandiranso udindo woisamala, ndipo tikupempha kuti pa msonkhano wotsatira makomiti akambirane mfundo izi.

Kiyi aperekedwe kwa munthu amene waonetsa pamaso pa komiti kuti amatha kuyesa petulo, kukhetsa kabureta, kuwerenga pulagi, kuyesa moto ndi kutsuka sefa. Laisensi ya RTSA ndi cisoti ndi zofunika mwalamulo, koma zimatsimikiza za kuyendetsa cabe. Amayi amene akukwera njinga aphunzitsidwe mofanana ndi abambo, cifukwa njinga siisankha amene imukanire panjira.

Njinga iliyonse ikhale ndi kathumba kosacoka pa iyo, kokhala ndi sipanala ya pulagi, pulagi yatsopano ya nambala yoyenera, mafyuzi awiri, sikuludiraiva, pulayala, masipanala a 8, 10 ndi 12, kansalu, ndi kabotolo kouma. Kathumbaka kawerengedwe nthawi zonse njinga ikasintha manja.

Pakhale kabuku kolembamo makilomita, tsiku losintha oilo, tsiku lotsuka sefa, kumene petulo anagulidwa, ndi vuto lililonse limene laoneka. Njinga yokwera anthu asanu popanda kabuku imakhala ngati ng'ombe ya mudzi wonse, imene aliyense amalimira koma palibe woidipitsa. Ngati n'kotheka, munthu mmodzi akhale woyankha za njingayo.

Pa ulendo uliwonse pazipatulidwa kandalama ka cisamaliro, kosiyana ndi ka petulo. Oilo, pulagi, sefa, cheni ndi matayala zimatha molingana ndi mtunda, ndipo gulu limene limayamba kusonkha ndalama njinga itafa kale limatenga miyezi lisanakwanitse, nthawi imene petulo akuuma mu kabureta ndipo batire ikufa.

Nthawi yabwino yocita izi ndi ino, mvula isanagwe. Novembala akafika, aliyense adzafuna njinga tsiku limodzi: wina kukatenga mbewu, wina kukaona za feteleza, wina kukaitana mlangizi. Tsiku lobzala likadutsa silibwerera, ndipo cimanga cobzala mocedwa cimabweza zocepa. Sankhani Loweruka limodzi, itanani makanika wodalirika wa m'dera lanu, mumulipire tsiku lake, ndipo onse okwera asonkhane pansi pa mtengo ndi njinga zawo. Aliyense acotse pulagi ndi manja ake, aone moto ndi maso ake, akhetse kabureta, atsuke sefa. Amene ali ndi mafunso afunse pomwepo popanda manyazi, pakuti safunsa anadya phula. Kenako mudzatilembere zimene mwapeza m'njinga zanu, kuti alimi a madera ena aphunzirepo m'kalata yotsatira.